Limatidwe kapena lizulidwe? Kafukufuku wa malipiro a madokotala a mano akawerengedwa ku Mangochi

Munthu akafika kwa dokotala wa mano atagwira tsaya, pamakhala mafunso awiri. Loyamba ndi la dokotala: kodi dzinoli lingapulumuke? Lachiwiri limafunsidwa pa kauntala, wodwalayo asanakhale n'komwe pa mpando: alipira ndani? Ku sukulu ya udokotala amaphunzitsa kuyankha funso loyamba. Koma pa chipatala cha pulaiveti, yankho la funso lachiwiri limatha kutsogolera dzanja la dokotala, ndipo wodwala amatuluka ndi dzino lomatidwa kapena ndi mpata m'kamwa malinga ndi zomwe zinalembedwa pa pepala la mgwirizano lomwe iye sanaliwonepo.

Nkhani ino ikuunika kafukufuku mmodzi wodziwika bwino pa mutuwu, wa bungwe la Cochrane, yemwe anatuluka mu 2013 motsogozedwa ndi Paul Brocklehurst. Kafukufukuyu anafunsa ngati njira yolipirira dokotala wa mano imasintha kagwiridwe kake ka ntchito. Funso la pano ndi lakuti: zomwe anapeza zingathandize bwanji boma ngati la Mangochi, komwe inshuwalansi ili ndi anthu ochepa ndipo othandiza mano ndi owerengeka?

Kodi managed care n'chiyani?

Inshuwalansi yakale inkangolipira bilu ikabwera. Dokotala ankachita zomwe waona kuti n'zoyenera, n'kulemba mtengo wake, kampani n'kulipira. Ku America mabilu atakwera kwambiri, makampani anayamba kulowerera pa chithandizo chenichenicho, ndipo lamulo la HMO Act la 1973 linapatsa mphamvu njira imeneyi. Ndiyo imatchedwa managed care. Zida zake ndi zinayi: kampani imasankha zipatala zomwe mamembala ake azipitako, imaika mndandanda wa mitengo womwe dokotala sangaupitirire, imafuna kuti dokotala apemphe kaye chilolezo asanachite ntchito yodula, ndipo imaika malire a ndalama zomwe membala angagwiritse ntchito pa chaka. Kwina amawonjezera chida chachisanu chotchedwa capitation: dokotala amalandira ndalama yofanana mwezi ndi mwezi pa munthu aliyense wolembetsa kwa iye, kaya wabwera kaya sanabwere.

Ku Malawi dzinali silimveka kawirikawiri, koma zida zinayi zoyambazo azaumoyo amazidziwa. Mabungwe monga MASM, yomwe inayamba mu 1983, ndi ena omwe anabwera pambuyo pake, ali ndi zipatala zomwe anachita nazo mgwirizano, mitengo yogwirizana ndiponso malire a pa chaka, ndipo MASM ili ndi makiliniki akeake. Wodwala amakumana nazo akamva mawu akuti shortfall, kutanthauza ndalama yotsala yomwe ayenera kutulutsa m'thumba mwake chifukwa bungwe silinalipire bilu yonse.

Zomwe kafukufukuyu anapeza

A Cochrane safufuza okha m'zipatala. Amasonkhanitsa kafukufuku yense wopezeka pa mutu umodzi, n'kusefa, n'kusunga yekhayo wochitidwa mwa njira yodalirika. Pa mutu uwu atasefa anatsala ndi akafukufuku awiri okha, okhudza zipatala za mano 503, madokotala 821 ndi odwala 4,771. Onse awiri anachitikira ku Britain.

Mmodzi, wa ku Scotland, anayesa zinthu ziwiri: kulipira dokotala ndalama yapadera akapaka kachikuto kotseka timing'alu ta pamwamba pa mano otafunira a ana, ndi kumuitanira ku maphunziro a ubwino wa ntchitoyo. Komwe kunali malipiro, ana pafupifupi 10 owonjezera mwa 100 alionse anapakidwa. Maphunziro paokha sanabweretse kusintha kooneka. Winayo, wa m'zaka za m'ma 1980, anayerekeza madokotala olipidwa pa ntchito iliyonse ndi olipidwa mwa capitation, pa chithandizo cha ana. A capitation ankaona ana mwa apo ndi apo, ankamata ndi kuzula mano ochepa, ankadikira kuti dzino libowoke ndithu asanalimate, koma ankapereka malangizo ambiri a kapewedwe.

Olembawo anamaliza mosadzitama. Anati ndalama zikhoza kusintha zochita za dokotala, koma umboni wake ndi wofooka, ndipo ndi wochepa kwambiri pa funso lakuti kodi m'kamwa mwa odwala munakhala bwino kapena ayi. Kuona mtima kumeneku ndiko mphamvu yaikulu ya kafukufukuyu. Kunena kuti umboni ndi wochepa pamene ulidi wochepa ndi ntchito yothandiza, makamaka kwa amene akufuna kukopera ndondomeko za kunja.

Palinso phunziro limodzi lomwe aliyense amene wakhalapo pa maphunziro a masiku atatu ku hotela za m'mbali mwa nyanja ayenera kulimvetsa. Ku Scotland maphunziro sanasinthe manja a madokotala, malipiro ndiwo anasintha. Sikuti madokotala ndi adyera. Munthu aliyense woyendetsa chipatala chake amawerengera nthawi yake, ndipo ntchito yosalipidwa imakankhidwira kumapeto kwa tsiku.

Chofooka choyamba: nsefa inataya umboni wofunika

Nsefa ya Cochrane ndi yothina, ndipo nthawi zina imataya ufa pamodzi ndi misere. Nkhani yaikulu ya malipiro a madokotala a mano ku Britain siili mwa akafukufuku awiri aja. Mu 2006 boma linasintha mgwirizano wake ndi madokotala a mano ku England. M'malo molipira ntchito iliyonse payokha, linaika ntchito m'magulu. Kumata dzino, kuzula dzino ndi kuchiza muzu wa dzino zinalowa m'gulu limodzi la malipiro ofanana, ngakhale kuti kuzula kumatha mphindi zochepa pomwe kuchiza muzu kumatenga nthawi yaitali ndi zipangizo zodula. Mu 2008 komiti ya zaumoyo ya nyumba ya malamulo ya dzikolo inanena kuti ntchito yochiza mizu yatsika kwambiri ndipo kuzula kwakwera.

Palibe amene analamula madokotala a ku England kuti azizula mano. Mndandanda wa malipiro ndiwo unalankhula. Wowerenga wa ku Malawi amene angangodalira mawu omaliza a Cochrane akuti umboni ndi wofooka akhoza kuganiza kuti nkhaniyi ndi yaing'ono, chikhalirecho dziko lonse la England linaona kusintha m'zaka ziwiri zokha.

Chofooka chachiwiri: matenda ake ndi ena

Managed care inapangidwa kuti ichize matenda a chithandizo chopitirira muyezo: kumata dzino lomwe likanadikira, kujambula kosafunikira, bilu yonenepa. Capitation ikachepetsa kumata ku Britain, zikhoza kukhala zabwino chifukwa mwina ena ankamata mopitirira.

Ku Malawi matenda ndi osiyana. Kafukufuku wa dziko lonse yemwe Kelias Msyamboza ndi anzake anatulutsa mu 2016 anayeza anthu 5,400. Anthu 37 mwa 100 alionse anali ndi dzino lobowoka, 35 anali atataya dzino, koma osakwana 7 ndiwo anali ndi dzino lomatidwa. Mwa akuluakulu a zaka 35 mpaka 44, pafupifupi theka anali ndi dzino lobowoka. Manambalawa akunena chinthu chimodzi: dzino la Mmalawi likadwala, kawirikawiri limasiyidwa kapena limazulidwa. Chida chilichonse chopangidwa kuti chichepetse kumata chikafika m'dziko lotere chimakankha munthu amene ali kale m'mphepete mwa dzenje.

Chofooka chachitatu: dokotala wa mu kafukufuku sagula dola

Madokotala a mu akafukufuku awiri aja ankalipidwa ndi boma lolemera, m'ndalama yokhazikika. Kafukufukuyu anaunika mtundu wa malipiro, koma sanaunike zinthu ziwiri zomwe zimavutitsa chipatala cha pulaiveti ku Malawi: mtengo wosasintha pamene kwacha ikugwa, ndi nthawi yodikira kuti ndalama ifike.

Pafupifupi chilichonse chomwe dokotala wa mano amagwira chimachokera kunja: jakisoni wochititsa dzanzi, mankhwala omatira, timisomali tobowolera, magolovesi, zitsulo zokonzera mpando. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Pa ulendo wachiwiriwu dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Katundu wa madola 10 yemwe dzulo lake anali K11,800 anadzuka ali K17,000. Wodwala wolipira yekha angauzidwe mtengo watsopano tsiku lomwelo. Mtengo wa pa mgwirizano umadikira kuti anthu akhale pansi akambirane, ndipo pa miyezi yodikirayo kusiyanako kumagwera dokotala kapena wodwala.

Apa ndi pomwe kumata ndi kuzula kumasiyana. Kuzula kumafuna jakisoni, chopanira chomwe chimaphikidwa n'kugwiranso ntchito, ndi thonje. Kumata kumafuna mankhwala ogulidwa ndi dola, makina oyendera magetsi, ndipo magetsi akathima pamafunika dizilo wa jenereta. Kwacha ikagwa mtengo wa pa mgwirizano uli pomwepo, phindu la kumata limatha msanga kuposa la kuzula. Zomwe England inachita ndi cholembera mu 2006, kuno zikhoza kuchitika zokha popanda aliyense kusintha chilembo n'chimodzi chomwe.

Kuchedwa kwa malipiro kumachita chimodzimodzi. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Chipatala chachikulu cha mu mzinda chikhoza kudikira miyezi ingapo chifukwa chili ndi ndalama zosungira ndiponso kalaliki wotsatira mabilu. Chipatala cha mpando umodzi chilibe zonsezi. Dokotala yemweyo ndiye amadzaza mafomu usiku, ndipo ndalama ikamafika mphamvu yake imakhala itachepa.

Azaumoyo a ku Mangochi safunika kupita kutali kuti amvetse zimenezi. Kuyambira mu 2006 boma lakhala likuchita mapangano ndi zipatala za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa ulere, boma n'kumalipira pambuyo. Akafukufuku anapeza kuti mapanganowa anachulukitsadi amayi opita ku sikelo ndi ochilira ku chipatala. Anapezanso kuti kuchedwa kwa malipiro ndi mitengo yosaunikidwanso zinkafooketsa zipatalazo. Ameneyu ndi umboni wa pakhomo, ndipo pa funso la mtengo ndi nthawi ndi wothandiza kuposa wa ku Scotland.

Nanga za khadi zikukhudza bwanji msodzi wa ku Makanjira?

Wina anganene kuti zonsezi ndi nkhani za anthu a m'tauni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa anthu a zaka 15 mpaka 49, osapitirira awiri mwa 100 alionse ndiwo anali ndi inshuwalansi. M'mbali mwa nyanja okhala ndi khadi ndi ogwira ntchito yolembedwa: m'mabanki, m'mahotela akuluakulu, m'mabungwe omwe si aboma. Msodzi wa usipa, mayi wowamba nsomba pa doko ndi mlimi wa ku Namwera alibe khadi. Dzino likawawa amapita ku chipatala cha boma kapena cha mishoni, komwe ntchito ya mano imadalira kwambiri ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Wa ku Makanjira akatumizidwa ku chipatala chachikulu cha pa boma ali ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100.

Koma khadi la ochepawo limakhudza onse, mwa njira iyi. Cha m'ma 2018 dziko lonse linali ndi madokotala a mano osafika 50, ambiri a iwo ali ku Blantyre ndi Lilongwe. Mu 2019 College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya KUHeS, inayamba kuphunzitsa digiri ya udokotala wa mano mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow kudzera mu pulojekiti ya MalDent, ndipo ophunzira oyamba anamaliza kale. Mu 2022 dziko linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya zaumoyo wa m'kamwa. Funso lotsala ndi lakuti madokotala atsopanowa akakhala kuti.

Dokotala wachinyamata woganiza zotsegula chipatala pa Mangochi kapena pa Monkey Bay amawerengera. Odwala olipira okha m'mbali mwa nyanja amatsata nyengo ya nsomba ndi ya zokolola, ndipo ambiri amafika dzino litawonongeka kale, atangokonzekera ndalama yozulira. Ndalama yodalirika mwezi ndi mwezi ingachokere kwa ochepa a makhadi aja. Iwo ndi amene angalipire lendi ndi makina ojambulira, ndipo makinawo akakhalapo msodzi nayenso amapindula tsiku lomwe wafika ndi dzino lotha kupulumuka. Mgwirizano ndi bungwe la inshuwalansi ukakhala wabwino, mpando wa mano ukhoza kuima m'boma. Ukakhala wa mtengo wachikale ndi malipiro ochedwa, dokotalayo amatsalira mu mzinda momwe makhadi ndi ambiri, ndipo wa khadi wa ku Mangochi amakwera minibasi ulendo wa makilomita pafupifupi 190 kupita ku Blantyre, pomwe wopanda khadi amatsala ndi chopanira.

Kafukufuku wa Cochrane sanafunse funso limeneli. Anayeza zomwe dokotala amachita ali kale pa mpando wake. Sanayeze ngati mpandowo ungakhalepo.

Mbali ya mabungwe a inshuwalansi

Chilungamo chikufuna kuti mbali inayo imvekenso. Bungwe la inshuwalansi limasunga ndalama za mamembala, ndipo likalipira bilu iliyonse osayang'ana, zopereka za mwezi zimakwera mpaka mabwana ena amasiya kulembetsa antchito awo. Mabilu abodza ndi kubwerekana makhadi ndi vuto lodziwika kulikonse komwe kuli inshuwalansi. Nalonso bungwe limavutika kwacha ikagwa, pakuti zopereka zake zili m'kwacha. Dokotala wofuna odwala a khadi ayenera kuvomera kuyang'aniridwa: walira mvula walira matope.

Choncho vuto si kukhalapo kwa malamulo ayi, koma komwe malamulowo aloza. Kupempha chilolezo kuli ndi nzeru pa ntchito yodula ngati mano oyikirira. Kulibe nzeru ngati kuchititsa munthu wochokera ku Malindi kubwerera kwawo ndi dzino lowawa kuti akadikire yankho, chifukwa munthu wotero amasankha kuzula lero lomwe kusiyana ndi kulipiranso ulendo. Ku South Africa, lamulo la Medical Schemes Act la 1998 linakhazikitsa khonsolo yapadera yoyang'anira mabungwewa ndi kumva madandaulo. Phunziro lake ndi lakuti pakati pa dokotala mmodzi ndi bungwe lalikulu pamafunika woweruza.

Zoyenera kutengapo

Kuchokera pa kuunikaku, mfundo zinayi zikuoneka.

Yoyamba, mtengo wa kumata ndi wa ntchito zopewera uyenera kuikidwa moti dokotala asaluze posankha kupulumutsa dzino. Umboni wa ku Scotland, ngakhale ndi wochepa, ukuloza komweko: ntchito yopewera ikalipidwa imachitika.

Yachiwiri, mgwirizano uliwonse uzinena tsiku lomaliza kulipira ndiponso zomwe zichitike pa mitengo kwacha ikatsitsidwa. Bungwe la Dental Association of Malawi likhoza kukambirana zimenezi m'malo mwa onse, chifukwa dokotala wa mpando umodzi payekha alibe mawu.

Yachitatu, capitation isatengedwe mothamanga. M'dera lomwe theka la akuluakulu lili ndi dzino lobowoka, dokotala wolipidwa pa mutu amalandira mulu wa matenda a zaka zambiri pa ndalama yoyerekezera munthu wathanzi, ndipo njira yake yopulumukira ndi kuchita zochepa.

Yachinayi, mindandanda ya malipiro ipereke malo kwa njira zotsika mtengo. Mu 2021 bungwe la WHO linaika mankhwala otsukira mano a fluoride, mankhwala omatira a glass ionomer ndi silver diamine fluoride pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Njira yomata dzino ndi zida za m'manja zokha, yotchedwa ART, inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980 ndipo sifuna magetsi. Njira zotere zikalipidwa moyenera, dental therapist akhoza kupulumutsa mano ngakhale tsiku lomwe magetsi athima.

Kwa anamwino, alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka m'midzi, ntchito ilipo iwiri. Ina ndi yakale koma sinathe mphamvu: kulimbikitsa anthu kutsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala a fluoride, kuchepetsa shuga mu tiyi ndi zakumwa zotsekemera za ana, ndi kupita ku chipatala dzino likangoyamba kumva madzi ozizira, tsaya lisanatupe. Dzino lofika msanga ndi lokhalo lomwe dokotala angakambirane zolimata. Wodwala aliyense, wa khadi ndi wopanda khadi, aphunzitsidwe kufunsa asanabayidwe jakisoni: kodi dzinoli lingamatidwe, ndipo zingatenge ndalama zingati?

Inayo ndi yowerenga. M'kaundula wa chipinda cha mano mumalembedwa kale mano ozulidwa ndi omatidwa. Kuwerenga mwezi ndi mwezi kuti pa dzino limodzi lomatidwa pazulidwa angati, n'kulemba pambali ngati wodwala analipira yekha, analipiriridwa ndi khadi kapena anathandizidwa ulere, sikufuna ndalama za pulojekiti. Kumafuna cholembera ndi munthu wosatopa. Zipatala za boma, za CHAM ndi za pulaiveti za m'boma limodzi zikasunga nambala imeneyi kwa chaka, ophunzira a KUHeS amene amabwera ku Mangochi kudzaphunzira zaumoyo wa m'madera akhoza kupezapo poyambira. Pa tsiku lomwe kwacha idzagwenso kapena mndandanda wa mitengo udzasinthe, nambalayo idzaonetsa ngati mano a anthu a m'mbali mwa nyanja ayamba kutuluka m'kamwa mofulumira, ndipo okambirana mitengo adzakhala ndi umboni wa ku Mangochi patebulo.